N'chifukwa chiyani nkhani za adani okondana zimandigwira mtima chonchi?

Wa ku Matawale: Abale, ndithandizeni. Dzulo nyemba zinandipserera pa mbaula, maso ali pa filimu ya pa foni. Mnyamata ndi mtsikana, mabanja awo akulimbirana munda, akakumana n'kutukwanana basi. Tsiku limene mtsikanayo anaterereka pa mjigo, mnyamata n'kumutolera ndowa osayankhula kanthu, misozi inalengeza. Koma za anthu ongokondana kuchokera pachiyambi, ndimagona nazo tulo. Ndili ndekha?

Mayi wa ku Sadzi: Simuli nokha achemwali. Mdani amakuyang'anitsitsa kuposa bwenzi. Amadziwa mayendedwe ako, zofooka zako, ngakhale chimene chimakukwiyitsa. Ndiye akadzati ndimakukonda, ukudziwa kuti zoipa zako zonse anaziona kale koma wakusankhabe. Wokufunsira pamsika amangoona chitenje chatsopanocho.

Wophunzira ku Chanco: Amayi mwalasa. Ndiwonjezere kuti chikondi chotere chili ndi mtengo. Kuti avomere, wina ataye kunyada, mwina akhumudwitsenso malume ake. Owerengafe timadziwiratu kuti akondana, iwo sakudziwa, ndipo kudikirako n'kumene kumakoma.

Bambo wa ku Chinamwali: Ana inu, zina ndimakana. Kukangana za munda kapena za mpira, wina Maule wina Nyerere, palibe vuto. Koma mwamuna womenya mkazi, wolemba n'kumusandutsa wachikondi pamapeto, ayi. Mwana wanga wamkazi amaonera zimenezi, ndipo ndimada nkhawa.

Wa ku Matawale: Zoona bambo. Wa mufilimuyi sanatukulepo dzanja. Akanatero ndikanazimitsa pomwepo.