Gulu la Banja: Phazi la Agogo

Amayi Aakulu (Chitakale): Mwadzuka bwanji nonse. Chilonda cha mayi chapaphazi chija sichikupola, chiyambire nthawi yokolola. Tsopano chayamba kununkha, bandeji ikumanyowa ndi mafinya. Eni ake akuti sakumva kupweteka.

Achimwene a ku Joni: Pepani mayi. Kuno kuli chithandizo chotchedwa hyperbaric oxygen. Wodwala amagona m'chipinda chotseka ngati thanki n'kumapuma okosijeni yekhayekha, wopanikizidwa kawiri kuposa mpweya wapanjawu. Magazi amanyamula okosijeni wambiri n'kukafikitsa pachilonda. Tiwabweretse agogo kuno.

Malume: Ndi za tsiku limodzi zimenezo?

Achemwali Anamwino (Limbe): Ayi Malume. Amalowamo maulendo 20 mpaka 40, ulendo uliwonse mphindi 90 kapena kuposerapo, masiku 5 pa sabata. Ndiye kuti mwezi kapena iwiri ali ku Joni. Makutu amawawanso, ndipo foni kapena mafuta odzola salowa nazo poopa moto. Achimwene, chithandizocho ndi chenicheni, chimathandiza zilonda zina za shuga, koma chimangowonjezera pa zina. Shuga akapanda kutsika, mnofu wakufa osachotsedwa, agogo n'kumapondabe phazilo, palibe chingapole. Kusamva kupwetekako ndiye kukundiopsa: shuga wawononga mitsempha.

Mlamu: Dzulo lomweli ndawapeza kudimba opanda nsapato. Aikaponso masamba osinja pachilondapo.

Achemwali Anamwino: Chonde masambawo achotsedwe lero. Chilonda chonunkha sichidikira pasipoti. Mawa apite kuchipatala cha paboma, adokotala aone ngati magazi akufika kuphazi komanso ngati matenda sanalowe m'fupa. Akalemba kalata yopita ku Queens, ine ndikawalandira ku Limbe. Za hyperbaric tikafunse adokotala komweko.

Achimwene a ku Joni: Ndamva achemwali. Ine ndimangoopa kuti angawadule mwendo. Ndifunsabe mtengo wake kuno kuti tidziwiretu.

Malume: Tonse tikuopa zomwezo mphwanga. Mawa ndiwatenga ndekha. Pa minibasi ayi, tipeze galimoto yahayala kuti phazi lisagundidwe. Aliyense aponye kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kwa achemwali anga a ku Chitakale pofika madzulo ano.

Amayi Aakulu: Nanga kudimba apita ndani? Mukuwadziwa mayi, akaona mpiru ukufota adzukapo.

Mlamu: Dimba lisiyireni ine, ndizithirira ndi ana.

Achemwali Anamwino: Osaiwala buku lawo lachipatala ndi mankhwala onse a shuga amene akumwa.