Ndimezanitse malalanje pa tsinde liti kuno ku Harare?

Abale anga a kuno ku Harare, makamaka inu amene munagwirapo ntchito m'minda ya malalanje ku Mazowe, ndithandizeni nzeru.

Ndili ndi kamunda ku Ruwa, pafupi ndi Harare, dothi lake ndi katondo wofiira, ndipo madzi ndimadalira chitsime chimene chimaphwa pofika Okutobala. Ndikufuna kudzala mitengo 30 ya malalanje a mtundu wa Valencia, ndi ingapo ya Washington navel yoti ana azidya.

Bambo anga ankamezanitsa pa mandimu okhakhala aja, rough lemon. Mitengo yake inkakula msanga, yopirira chilala, yobereka mpaka nthambi kuthyoka. Koma zipatso zake, eee, makoko okhuthala, kutsekemera kochepa! Pa msika wa Mbare ogula amalawa kaye, ndiye sindikufuna kubwerera ndi katundu.

Ku nazale anandiuza za Carrizo citrange, mtundu wina wa tsinde lomezanitsapo, kuti zipatso zimakoma ndipo mizu siiwola msanga. Nanga ludzu la chilimwe imalipirira? Swingle, mtundu winanso wa tsinde, ndikuiopa chifukwa siigwirizana ndi dothi lomata kwambiri. Lalanje lowawasa lija ndalisiya, matenda a tristeza angandithere mitengo.

Alipo amene anayesapo Carrizo pa katondo ngati wangayu? Munayamba kuthyola patatha zaka zingati? Zikomo kwambiri, akuluakulu.