Abwana ayankha kuti "granted", bambo atamwalira kumudzi

Wa ku Muloza (Johannesburg): Abale anga, bambo atisiya dzulo usiku kumudzi. Ndinalembera abwana kupempha tchuthi, ndiye ayankha kuti "your request has been granted, three days". Kodi grant imeneyi ndi ndalama ngati ya SASSA ija, bungwe la boma la South Africa lopereka ndalama zothandizira anthu ovutika? Ndikatenge kuti?

Achemwali a ku Luchenza (Pretoria): Pepani kwambiri achimwene, Mulungu akutonthozeni. Si ndalama ayi. Akunena kuti zomwe munapempha avomera, akupatsani masiku atatu.

Amalume a ku Bvumbwe (Cape Town): Pepa mphwanga. Mawu amenewa ndi a m'maofesi. Munthu amene ali ndi mphamvu, monga bwana, khoti kapena Home Affairs (ofesi ya boma yoona za ziphaso), akakupatsa chinthu chomwe unachita kupempha, ndiye amati grant. Mnzako akakugawira shuga sanganene choncho. Ukaona "granted" zatheka, ukaona "not granted" kapena "declined" akukanira. Pa pepala la permit ndi chimodzimodzi.

Koma usaone ngati abwanawo akukuchitira chifundo. Lamulo la ntchito la kuno ku South Africa, Basic Conditions of Employment Act la 1997, limati kholo, mwana, mkazi kapena mchimwene akamwalira, bwana apereke masiku 3 olipidwa, bola wagwira ntchito miyezi yoposa 4 komanso masiku osachepera 4 pa sabata. Asakuduleko malipiro.

Achemwali a ku Luchenza: Ife a ntchito za m'nyumba ndi masiku 5. Ambiri sadziwa zimenezi.

Wa ku Muloza: Atatuwo nanga angakwane? Basi yodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza imadya pafupifupi masiku awiri, kenako ndikwere minibasi pa Limbe.

Amalume a ku Bvumbwe: Sangakwane. Pempha owonjezera kuchokera pa tchuthi chako cha pachaka, chomwe ndi masiku 21 otsatizana. Lemba mwaulemu ndi mawu omwewo: "Please grant me ten days of my annual leave." Akayankha, jambula uthengawo usunge, kuti pobwera asanene kuti unathawa ntchito. Abwana ali ndi ufulu wofunsa umboni wa malirowo.

Mayi a ku Chitakale (Mulanje): Mwana wanga, za umboniwo usadandaule. Mawa m'mawa ndikupita kusiwa, ndikauza achimwene ako akatenge kalata kwa amfumu, ndikutumizira chithunzi pa WhatsApp. Iwe kagule tikiti ya basi.