Thandizeni a gulu: ma Brussels sprouts a pa Khirisimasi ndiwawotche bwanji kuti asawawe?

Wofunsa, ku Nottingham:
Mwaswera bwanji nonse? Funso langa ndi la kukhitchini, a admin mundilole.

Amuna anga ndi a konkuno ku England, ndipo chaka chino Khirisimasi ichitikira kwathu. Tikhala anthu 9, apongozi onse awiri alipo. Nkhukundembo ndi mbatatesi abambo akunyumba ati athana nazo okha. Ine ndiphika mpunga ndi nkhuku yathu ija, poti popanda zimenezo ana sandimvetsa. Koma andipatsanso ma Brussels sprouts, timakabichi ting'onoting'ono tija, ndipo apa ndiye mutu waima.

Apongozi aakazi amawaphika chonchi: amacheka kamtanda kutsinde kwa lililonse, kuponya m'madzi owira, n'kuwaiwala pamoto mpaka foloko izingolowa yokha. Pofika pa tebulo amakhala atatuwa, atafeweratu, nyumba yonse fungo la dzira lowola. Aliyense amatengako awiri chifukwa cha ulemu, otsalawo pa 27 ali m'bini. Ine ndinalawako owotcha mu uvuni pa phwando la kuntchito, ofiirira m'mbali, timasamba takunja tikuchita kulira m'kamwa. Amenewo ndi amene ndikufuna.

Ndiye moto ukhale wochuluka bwanji, kwa mphindi zingati? Ndiyambe ndawawiritsa kapena ndingowaika aawisi? Ndigule ochuluka bwanji? Uvuni ndi umodzi, ndipo nkhukundembo ikalowa sikutsala malo. Komanso musandiseke, kuthirako nsinjiro kungakhale kulakwa?

Wophika mu hotela, ku Manchester:
Achemwali, Disembala yense ntchito yanga ndi imeneyi. Anthu 9 kilo imodzi ikwana, poti pa mbale pamakhala zinthu zambiri. Sankhani ang'onoang'ono, olimba mukawafinya, masamba ogwirana. Mukapeza ogulitsidwa ali pa phesi lake tengani amenewo, poti othothola kale aja sachedwa kufota.

Dulani kansonga ka tsinde pang'ono chabe, chotsani masamba achikasu, kenako mung'ambe pakati kuchokera pamwamba kutsika kutsinde kuti masamba asayoyoke. Mukatsuka pukutani ndi kansalu mpaka aume. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Akalowa onyowa, kapena mukawaunjika pa thileyi imodzi, sawotcheka ayi, amangophikana ndi nthunzi yawo yomwe, mapeto ake ndi zomwe zija za apongozi anu. Kilo imodzi imafuna mathileyi awiri.

Sakanizani m'beseni ndi masipuni atatu aakulu a mafuta ndi mchere, ndi manja, lililonse linyezimire. Uvuni madigiri 220, ngati ndi wa fani 200, wa gasi nambala 7. Thileyi ilowe yopanda kanthu itenthe kaye. Poyala, mbali yodulayo igone pansi, muzimva akuchita kulira akakhudza chitsulo. Mphindi 15 zoyamba musawagwedeze, musatsegulenso chitseko. Zonse pamodzi ndi mphindi 20 mpaka 25. Timasamba todzichokera tija tidera kwambiri, musatitaye, ndi tomwe anthu amalimbirana. Kuwiritsa kaye n'kosafunika pokhapokha ali akuluakulu kwambiri, ndipo apo mphindi zitatu zokha.

Bambo wina, ku Lilongwe:
Kuvutika konseku chifukwa cha kabichi wosakula? Dulani, anyezi, tomato, kasoda pang'ono kuti afewe msanga, basi nkhani yatha kkkk.

Wophika mu hotela:
Akuluakulu, soda musiyireni therere. Akuthawa kufewa komweko achemwaliwa.

Mlongo wophunzira zaulimi:
Bambo a ku Lilongwe sananame kwenikweni. Mbewuyi ndi mtundu umodzi ndi kabichi, broccoli ndi kolifulawa, ndipo mpiru ndi repu ndi abale ake. Dzina inatengera mzinda wa Brussels ku Belgium komwe akhala akuilima kwa zaka mazana angapo. Kuwawa kuja kumachokera ku zinthu zotchedwa glucosinolates, za gulu lomwelo ndi zimene zimapangitsa mpiru kuwawira. Zimenezi zili ndi salifa, ndiye mukaphika nthawi yaitali salifayo amatuluka ngati mpweya, n'chifukwa chake fungo la dzira. Moto waukulu kwa nthawi yochepa umapsereza shuga wa m'masambamo, kutsekemera kwake n'kuphimba kuwawa.

Chinanso, ma sprouts a masiku ano si omwe apongozi anu anakulira. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a mbewu a ku Netherlands anapeza zomwe zimawawitsa, n'kuyamba kupanga mitundu yosawawa kwambiri. Amakomanso akagwidwa ndi chisanu m'munda, n'chifukwa chake a Disembala ochokera m'minda ya ku Lincolnshire amaposa oyambirira a Seputembala. Komabe pali anthu amene lilime lawo mwachibadwa limamva kuwawaku kuposa anzawo. Wina akakana musaganize kuti mwaphika moipa.

Agogo, ku Leeds:
Mwanawe, za moto akuuza anzakowa, ine ndinene zina. Mayi amene wakhala akuphika chakudya cha Khirisimasi moyo wake wonse, chaka chino wamulanda khitchini, wamulanda nkhukundembo, ndiye umulandenso ndi timakabichi take? Patula todzaza dzanja kawiri, umupatse kapoto ndi mpeni acheke mitanda yakeyo mwini. Kamtandako si ufiti, ankatero kuti tsinde lipse pamodzi ndi masamba. Ungomuyang'anira nthawi, mphindi 6 uziti amayi ndithandizeni kuno, iwe n'kuphula. Pa tebulo pakhale mbale ziwiri. Usanene kanthu mbale yako ikayamba kutha.

Wofunsa:
Agogo mwandigwira pamtima, zimenezi sindinaziganize. Kapoto kakhalapo. Nanga za uvuni ndi nsinjiro a gulu?

Mayi wa ana atatu, ku Glasgow:
Za uvuni musade nkhawa asisi. Nkhukundembo ikapsa siidulidwa nthawi yomweyo, imafunika ikhale panja mphindi 45 ngakhale ola lathunthu mutaivindikira ndi foyilo ndi thaulo pamwamba, ndipo siizizira. Nthawi imeneyo ndi yanu. Kwezani moto, mbatatesi zimalizike, ma sprouts alowe komaliza kuti achoke mu uvuni kupita pa tebulo. Akakhalitsa amalefuka. Kudula ndi kupukuta chitani usiku wa pa 24, musunge mu filiji m'kontena yoyala pepala la kukhitchini pansi. Ndipo musathamangire kugula lero, sabata ya Khirisimasi masitolo akuluakulu amapikisana kutsitsa mitengo ya masamba.

Nsinjiro mu uvuni ayi, zimapserera n'kuwawa kuposa ma sprouts omwewo. Eni ake kuno amaika bekoni ndi ma chestnut, mtedza wina wa m'mitengo. Ine ma chestnut ndinawasiya, ndimakazinga mtedza wathu, kuupukusa makoko, kuusinja pang'ono osafika pa ufa, n'kuwaza pamwamba pomaliza ndi madzi a ndimu. Koma funsani kaye ngati pali amene mtedza umamudwalitsa. Kuno matenda amenewo si nkhambakamwa, ana ena amathamangira nawo kuchipatala.

Otendera enieni phikani pa 26. Aawisi otsala muwadule mopyapyala, tomato, nsinjiro, kambuzi mmodzi, nsima pambali. Alamu anga achizungu anapempha kuwonjezera.

Namwino, ku Birmingham:
Ndingoponyapo kamodzi poti pali achikulire. Ngati wina mwa apongozi amamwa warfarin, mankhwala aja oletsa magazi kuundana, ma sprouts ali ndi vitamini K wambiri, ndipo ameneyo amalimbana ndi mankhwalawo. Sikuti asadye, koma asadye mulu tsiku limodzi pamene masiku onse sadya. Kagawo wamba basi, osawakakamiza kuwonjezera monga timachitira kwathu.

Wofunsa:
Apongozi aamuna amamwa mankhwala a mtima, ndifunsa amuna anga kuti ndi ati. Zikomo anesi. Achimwene a ku Manchester, bekoni ndi uchi zimalowa nthawi yanji? Ndaonanso a m'filiza otchipa, angachite?

Wophika mu hotela:
Bekoni dulani tizidutswa, mumwaze pakati pa ma sprouts kuyambira pachiyambi, mafuta ake athandiza, ndiye muchepetse mchere ndi sipuni imodzi ya mafuta. Uchi sipuni imodzi yokha, mphindi zisanu zomaliza, mukauika msanga upserera. Adyo chimodzimodzi. A m'filiza asiyeni pa tsiku limeneli, amatulutsa madzi ambiri ndipo mkati mumakhala phwataphwata. Gulani kapaketi kakang'ono ka aawisi Loweruka lino muyesere uvuni wanuwo, chifukwa ena amanama madigiri. Akada mphindi 15 zisanakwane, pa tsikulo mutsitse ndi 10.