Makamera a thermal aima ku Germany, akuti 6A003

Wapadoko: Akuluakulu, tithandizane. Kasitomala waoda makamera a thermal (ojambula kutentha kwa zinthu) anayi ofufuzira mawaya a magetsi. Wogulitsa ku Germany wakana kutumiza, akuti ali pa 6A003, pakufunika laisensi ya BAFA, ofesi ya boma la Germany yoyang'anira katundu wotumizidwa kunja. Chonsecho HS code yake ndi ya kamera wamba. Ndiwakakamize?

Mayi Kalaliki: Musawakakamize achimwene, akunena zoona. HS code ndi ya msonkho basi. 6A003 ndi nambala ya pamndandanda wa katundu wogwira ntchito ziwiri, ya anthu wamba ndi ya asilikali, womwe uli mu lamulo la European Union la 2021/821. Gawo ili la mndandandawu linachokera ku mgwirizano wa maiko wa Wassenaar wa 1996, n'chifukwa chake nambala yomweyo mukaipezanso ku America. Pemphani datasheet, muone chinthu chimodzi: kamera ikujambula zithunzi zingati pa sekondi? Ngati sensa yake ndi ya microbolometer yosaziziritsidwa ndipo kamerayo siipitirira 9 Hz (zithunzi 9 pa sekondi), siigwa mu 6A003.b.4.b. Ya 30 Hz kapena 60 Hz kawirikawiri imagwamo.

Wapadoko: Ndaona mayi, alemba 30 Hz.

Mayi Kalaliki: Ndiye njira ndi ziwiri. Yachangu, funsani kasitomala ngati ya 9 Hz ingamukwanire. Poyang'ana cholumikizira chomwe chikutentha munthu ataima pansi, imakwana. Ngati akufuna kuimangirira pa drone kapena pagalimoto yoyenda, chithunzi chimadukaduka, ndiye pamenepo laisensi singazembeke. Wopempha ku BAFA ndi wogulitsayo, inu mbali yanu ndi chikalata cha wogwiritsa ntchito weniweni. Chikhale pa pepala la kampani yake, ndi dzina la modelo, chiwerengero, adiresi ya komwe makamera azikasungidwa, ntchito yake mwatsatanetsatane, ndi lonjezo loti sawagulitsa kunja popanda chilolezo. Asaine mkulu wa kampani, osati ejenti. Zambiri zimabwezedwa chifukwa cholemba "zogulitsa" pa ntchito yake, kapena chiwerengero kusiyana ndi cha pa invoisi.

Akulu a Forodha: Muwonjezerepo ichi, ambiri amachiphonya. Funsani komwe sensayo inapangidwa. Ikakhala ya ku America, malamulo a dzikolo otumizira katundu kunja (EAR) amailondola ngakhale ikutuluka ku Germany, ndipo laisensi ya BAFA siilowa m'malo mwa ya BIS, ofesi ya boma la America yoyendetsa malamulowo. Ku America kamera ya 9 Hz imakhala 6A993: maiko ambiri imapita popanda laisensi, koma ikamapita kwa asilikali nkhani imasintha. Dzina la kasitomala ndi la aliyense ali pakati muliyang'ane pa Consolidated Screening List (mndandanda wa boma la America wa anthu ndi makampani omwe ali ndi ziletso za malonda), musunge umboni wake. Mapepala otere amasungidwa zaka zisanu.

Wapadoko: Wina akuti atumize lenzi payokha, thupi palokha, kapena adutsire dziko lina.

Akulu a Forodha: Ameneyo akuikani m'madzi. Sensa payokha ilinso ndi nambala yake, 6A002, ndiye kuphwasula sikuchotsa kanthu. Kudutsira dziko lina mutabisa komwe katundu akupita ndi mlandu weniweni, ndipo dzina la kampani yonyamula limalowamo. Chimodzimodzi kugula ya 9 Hz n'kukaitsegula ndi firmware (pulogalamu ya m'kati mwa kamera) kuti ifike 30 Hz.

Wapadoko: Zamveka bwana. Nditumiza datasheet ya 9 Hz kwa kasitomala lero, akakana tiyamba chikalatacho. Tsiku lofika katundu sindilonjeza mpaka laisensi ituluke.