Ndasoka zofunda 9 za zigamba, koma ndizipereke kwa yani?

Nabanda wa pa Dedza

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndimakhala kufupi ndi pa boma ku Dedza. Nditapuma mu 2021 manja sanafune kukhala chete, ndiye ndinatulutsa makina a Singer a malemu mayi anga, aja opalasa ndi mwendo, n'kuwathira mafuta. Pali anyamata atatu osoka pakhonde la sitolo kumsika amene amandisungira zidutswa za chitenje zotsala akamadula madiresi ndi mashati. Kale ankangozisesa n'kuzitentha. Lachisanu lililonse ndimapitako ndi jumbo, ndimawasiyira ya mandasi, iwo n'kundipatsa zidutswazo.

Ndimadula zigamba za mainchi 5 mbali zonse, muyezo wake ndi kachidutswa ka katoni. Msoko umadya kota ya inchi uku ndi uku, ndiye chigamba chimatsala mainchi 4 ndi theka. Chofunda cha munthu wamkulu chimalowa zigamba 234, mizere 18 ya zigamba 13. Pakati ndimaikapo bulangete la pa kaunjika, kumbuyo shiti ya pabedi. Chimodzi chimanditengera masabata 6 kapena 7, maso akalola.

Ana anga onse ali nazo kale, tsopano m'kabati mwadzaza zina 9, zazikulu 5 ndi zazing'ono 4. Mwezi watha ndinanyamula zazing'onozo kupita nazo ku chipatala china, sindichitchula dzina, kuti akafunditse ana obadwa masiku asanakwane. Mdzukulu wanga woyamba anabadwa wa miyezi 7, ndipo kuzizira kwa kuno mu June ndi July ndikukudziwa. Anamwino anazitambasula, anaziyamikira, kenaka anazipindanso bwinobwino n'kundibwezera. Akuti n'zolemera, makanda awo sangawafunditse. Ndinakwera kabaza kubwerera ndi thumba langa pamiyendo, manyazi ali tho.

Nkhani yachiwiri ndi iyi. Chachikulu china ndinapatsa agogo ena a mu mpingo mwathu amene amakhala okha. Nditapita kukawaona mu July ndinawapeza akugonera zitenje ziwiri zothaitha, chofunda changa chili m'sutikesi pansi pa bedi. Nditafunsa anandiyankha kuti chokongola chonchi sachigonera, adzawafunditse tsiku lawo lomaliza.

Ndiye ndikulakwitsa pati, abale? Ndizipereke kuti, nanga ndisinthe chiyani pa kasokedwe?

Nasibeko, namwino ku Zomba

Amayi, pepani kuti munabwerera ndi katundu wanu, koma mnzanga uja sanakunyozeni. Ine ndikanachitanso chimodzimodzi. Ana amene munawaganizirawo ambiri sakwana makilo 2, ena ngakhale kilo imodzi ndi theka. Nsalu ikamugwera kumaso mwana wotere alibe mphamvu yoikankha, ndipo chinthu cholemera pachifuwa chake chimamuvutitsa kupuma. Chinanso, chilichonse chofika kwa makanda chiyenera kuchapidwa pafupipafupi n'kuuma tsiku lomwelo. Bulangete la pa kaunjika lotsekeredwa m'kati sitingadziwe kumene lachokera, ndipo likanyowa limasunga chinyezi.

Mwana wosakwana masiku timamutenthetsa ndi thupi la mayi ake, njira ija ya kangaroo. Amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, amagona pachifuwa pakati pa mabere, khungu kukhudza khungu, n'kumumangirira ndi chitenje. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa makina otenthetsera ana anali ochepa, ndipo kuno kwathu inayambira pa Zomba Central Hospital mu 1999. Ana otere ndi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira: lipoti la mu 2012 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ana pafupifupi 18 pa 100 alionse obadwa masiku asanakwane.

Ngati mtima wanu uli pa makandawo, lukani tizipewa. Kutentha kwa mwana kumathawira kwambiri kumutu, ndipo zipewa zogula n'zazikulu, zimamugwera m'maso. Chipewa chokwana pa lalanje lalikulu ndiye saizi yake. Masokosi ang'onoang'ono ndi zitenje zathunthu zochapa kale nazonso sizikwana, chifukwa mayi wobereka mwadzidzidzi pa miyezi 7 amafika ali ndi chitenje chimene wavala chokhacho.

Koma zofunda zanuzo zili ndi eni ake pa chipatala pomwepo, kungoti munalowera khomo lina. Pitani ku chidikiro madzulo mukaone amayi oyembekezera ochokera kutali, kapena kumene amagona odikirira odwala. Amayala chitenje pa simenti, china n'kufunda, pa Dedza pozizira paja. Musanyamule katundu kaye. Pitani chimanjamanja mukakumane ndi asisita oyang'anira wodi, muwafunse amene ali osowetsetsa, mugwirizane tsiku. Mukapita ndi amayi anzanu a Chigwirizano zimayenda mofewa kuposa kupita nokha.

Telala wa ku Ndirande

Amayi, ine ndasoka zaka 26 pakhonde, ndiloleni ndinene za msoko zokhazokha.

Vuto ndi bulangetelo. Tangoyesani kuviika chofunda chimodzi m'bafa mukachinyamule. Ndiye muganize agogo anu aja, madzi okatunga kumjigo, manja a nyamakazi, afinye bwanji? Ndipo chiperoni ikabwera chimatha masiku atatu pachingwe osauma, kenaka fungo. Mwina agogowo anaona zimenezi msanga kuposa inu, za maliro zija angokuuzani mwaulemu. Pakati ikani shiti ya flanelo, pa kaunjika zimapezeka. Ikasowa musaike kanthu, nsalu ziwiri zokha zimatentha ndithu chifukwa misoko ya zigamba 234 ndi nsalu yambiri kale.

Chapani zidutswa musanadule, zofiira ndi zabuluu wakuda pazokha. Chitenje china chimasuluka, china chimafupika chikalowa m'madzi koyamba, ndipo sizifupika mofanana. Mukasoka zosachapa, tsiku loyamba kuchapa chofunda chimakhwinyata ngati nkhope ya munthu wodya ndimu. Zidutswa zoterera zija za poliyesitala musasakanize ndi za thonje, mukamasita zimasungunuka.

Makina opalasa amakoka nsalu yapansi kuposa yapamwamba, n'chifukwa chake mukadutsitsa nsalu zitatu pamodzi kumbuyo kumachita makwinya. Singano ya nambala 16 imathandiza, komanso talikitsani msoko. Koma chapafupi ndi kumanga: yalani pansi, tengani ulusi wolukira ndi singano yaikulu, pa mphambano iliyonse ya zigamba zinayi bayani, bwezani, mangani mfundo kawiri n'kudula. Madzulo amodzi mwamaliza. Za ana aang'ono zokha musamange, amazula ulusiwo n'kuika m'kamwa.

China chimene anyamata anu akumsika sangakuuzeni: sankhani bwino, musalowetsemo nsalu ya chipani. Ine ndinasokerapo kasitomala chovundikira pabedi, pakona panalowa kachidutswa kokhala ndi theka la nkhope ya mtsogoleri wina. Anabwera nacho mwamuna wake, sindinalandire ndalama mpaka nditasula. Inu simudziwa amene adzachilandire ali mbali iti. Nsalu za mipingo chimodzimodzi.

Ndipo mundikhululukire, ine ndikanagulitsa ziwiri. Chitsikireni kwacha mu November 2023 ulusi ndi singano sizigwirika. Penshoni ya uphunzitsi siingapirire mpaka kale.

Nangondo ku Leicester

Anabanda, mwandikumbutsa kwathu ku Linthipe. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, ndipo Loweruka ndimasoka ndi amayi ena mu holo ya tchalitchi. Kuno chofunda chotere amati quilt, ndipo kupereka kwaulere kuli ndi dongosolo lake. Zathu timapereka ku Project Linus, bungwe limene linayambira ku America mu 1995 n'kufalikira mpaka kuno, limagawira ana odwala ndi ena amene akumana ndi zovuta. Chimene ndinaphunzira kwa iwo n'chomwe anena anamwinowa: amafunsa kaye kuchipatala kuti mukufuna zingati, zazikulu bwanji, kenaka ndiye timasoka. Mabatani, mikanda ndi zingwe salola. Ngakhale zazing'ono za ana osakwana masiku nthawi zambiri amayala pamwamba pa makina otenthetsera kuti atchinge kuwala, osati kumufunditsa mwanayo.

Chaka china ndinapita ku Festival of Quilts, chionetsero cha zofunda zoterezi ku Birmingham. Ndinapeza zitenje zathu zomwezi akuzigulitsa zodulidwa kale tizidutswa tosakwana ndi theka la mita, azungu ali pamzere. Mtengo wa kachidutswa kamodzi ndinangoseka ndekha, poganiza zimene atelala amatentha kuseri kwa msika. Ndiye zimene akunena abambo a ku Ndirande si zachabe. Chithunzi cha chimodzi muike pano, mwina ena a kunja kuno angagule n'kukutumizirani ndalama ya flanelo.

Za agogo, okalamba ndi amodzi kulikonse. Kuno nawonso chinthu chatsopano amachibisa m'kabati. Ife timachichapa kaye kawiri kuti chifewe ndi kuoneka chogwiritsidwa kale ntchito, ndipo sitiwapatsa chopinda m'manja ngati mphatso. Timachiyala tokha pabedi, n'kukhalapo pomwepo tikumwa nawo tiyi.

Mchemwali wanga akubwera ku Lilongwe mu December. Ndimupatsira kampeni kozungulira kodulira nsalu ndi mphasa yake, kamadula zigamba 6 nthawi imodzi. Lumo ndi katoni zikupwetekani dzanja.

Mbewe wa ku Chilobwe

Ine sindisoka, koma ndinakhalapo mbali ya olandira, ndiye mundimvere pang'ono. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba yathu mu March 2023 tinagona m'kalasi pa sukulu masabata angapo. Zofunda zinkasowa kwambiri, inde. Koma tsiku lina kunabwera munthu wamtima wabwino ndi mabulangete ochepa, ife tili mazanamazana. Anthu amene tinkagawana phala m'mbale imodzi anasiya kulankhulana chifukwa cha mabulangete amenewo. Ndiye Amayi, zofunda 9 musapite nazo pagulu, ngakhale ku chidikiro kumene anena anamwino, pokhapokha asisitawo akaitanire anthuwo pambali mmodzimmodzi. Pagulu pamafunika a Red Cross ndi galimoto yodzaza. Inu mphamvu yanu ndi yoti mumadziwa anthu ndi maina awo.

Zazing'ono zinayi zija, bwanji sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi? Ana akamwa phala amagona pansi, ena pa thumba la feteleza. Pamenepo kulemera kwake ndi ubwino, chimakhala choyala.

Koma pa za agogo ndikutsutsana nanu nonse, kuphatikizapo achemwali a ku Leicester ndi nzeru yawo ya tiyi. Mayi anga anasunga chitenje chimodzi m'sutikesi zaka zoposa 10, osachivala, ndipo ndi chimene tinawafunditsa. Matope atatenga zonse, chimene ankalira si mapoto kapena matiresi, chinali sutikesiyo, mpaka tinaifukula. Munthu wosauka amadera nkhawa za momwe adzaonekere tsiku limenelo, kuti anthu asadzati analibe ndi nsalu yomwe. Munawapatsa, n'chawo. Ngati mukufuna asamazizidwe, asokereni china.

Nabanda wa pa Dedza

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Abambo Mbewe, mawu anu andikhalitsa pansi. Ndinawakwiyira agogo aja mumtima, ngati mwana wa sukulu amene sanalembe ntchito yomwe ndamupatsa. Dzulo ndinapitako, za sutikesi sindinatchule. Ndinangofunsa ngati angalandire china chosakongola. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti chikhale chakuda kuti utsi usamaonekere, ndiponso chifupike chifukwa miyendo yawo siifika kumapeto kwa bedi. Ndili ndi mathalauza akale a malemu amuna anga, ndayamba kudula amenewo.

Abambo a ku Ndirande, ndinaviika chimodzi monga munanenera. Ndinachita kuitana mnyamata wa pa neba kuti tithandizane kufinya, ndipo lero ndi tsiku lachiwiri chili pachingwe. Zazikulu zitatu nditasula ndichotse mabulangete. Ndapezanso tambala wakuda pakona ya chimodzi, sindinamuone n'komwe posoka. Zogulitsa ndiganizirabe, mtima sunavomere.

Anangondo, kampeniko ndikalandira ndi manja awiri, mwana wanga wa ku Area 25 adzakatenga. Zazing'ono zinayi zipita ku mkombaphala wa kuseri kwa tchalitchi chathu Lolemba, ndayankhula kale ndi amayi oyang'anira.

Anasibeko, kuluka ndinasiya ndili ku koleji ya uphunzitsi, koma singano zilipo. Chipewa cha lalanjecho ndiyambe ndi maso angati pa singano za mamilimita 4, ndipo ulusi wa akiriliki wa kumsikawu ndi wololedwa?