Za puleti ya mano a mwana wathu

Amake mwana: Mwaswera bwanji nonse. Tabwerako kwa dokotala wa mano. Akuti nsagwada ya pamwamba ndi yopapatiza, n'chifukwa chake mano akumbuyo a kumanzere akulumira mkati mwa apansi. Dzina lake akuti crossbite. Akufuna kumupangira puleti yovula (kapulasitiki kovala kumwamba kwa m'kamwa kofutukulira nsagwada), ya sikuluwu pakati.

Agogo: Mwanayu ali ndi zaka 8 zokha, ena mwa manowo sanagulukebe. Bwanji osadikira?

Azakhali: Amama, kudikira kuno ayi. Mumuone akamatseka pakamwa pang'onopang'ono: mano akangokhudzana, chibwano chimathawira kumanzere kuti apeze polumira. Akakula choncho nsagwada imazolowera, mano amaperepeseka mbali imodzi, nkhope nayo imatha kupendekeka. Pa msinkhu uno mafupa awiri a kumwamba kwa m'kamwa sanagwirane kwenikweni, ndiye kufutukula n'kosavuta. Akatha msinkhu ndi nkhani ina.

Malume: Ndiwonjezepo za kiyi wozungulitsira sikuluwu, chifukwa ambiri amagwera pomwepo. Mumalowetsa kiyi pakabowo ka sikuluwu n'kukankha motsata muvi mpaka kabowo kena kaonekere. Kumeneko ndi kuzungulitsa kamodzi, kumatsegula pafupifupi 0.25 mm. Pa puleti yovula nthawi zambiri ndi kamodzi kapena kawiri pa sabata, monga anenere dokotala. Mukawonjezera pofuna kufulumira, puleti imasiya kukwana, imangogwa. Akaisiyanso m'chikwama masiku angapo, mano amabwerera, puleti osalowanso.

Amake mwana: Achimwene, vuto ndi loti Lolemba mpaka Lachisanu amagona kwa agogo ake ku Chilenje.

Malume: Ndiye wozungulitsa akhale mmodzi, azilemba tsiku pa kalendala. Awiri akagwira kiyi, wina amabwereza pomwe mnzake wazungulitsa kale.

Azakhali: Kiyi ndisunge ine mulamu, ku Kabwata si kutali. Amama inu muzingoonetsetsa kuti wavala usana ndi usiku. Masiku oyamba malovu achuluka ndipo azilankhula ngati walumira nsima, musamumvere chisoni n'kumuvula, zimatha zokha. Kutsuka ndi mswachi ndi madzi ozizira. Otentha amapinda pulasitiki. Kusukulu akavula aike m'kabokosi, osakulunga mu tishu, amataya pamodzi ndi zinyalala.

Agogo: Nanga chala chija amayamwa usiku?

Azakhali: Chimenecho chithe. Kuyamwa chala kumapapatiza nsagwada, chimodzimodzi kupumira pakamwa. Popeza amaliza mkonono, akamuonenso madokotala a mphuno ndi kukhosi ku chipatala chachikulu cha UTH kuno ku Lusaka, mwina matonsilo atupa. Zikapitirira, mano amabwerera.

Malume: Achemwali, mufunse mtengo wonse wolembedwa: X-ray, kutenga muyeso wa mano, puleti, maulendo obwereza, komanso ngati itasweka. Mufunsenso kuti mano akakhala bwino aivalabe miyezi ingati osazungulitsa, chifukwa gawo limenelo silidumphidwa. Tigawana atatu, tizitumiza pa Airtel Money.

Amake mwana: Zikomo. Muyeso akutenga Lachinayi m'mawa, koma ine ndili kuntchito.

Malume: Ndimutenga ine ku Chilenje 7 koloko. Amama, atsukiretu mano.